Nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo ndi za maluwa, osati za ogulitsa

Ndinagula thumba la mitu 50 ya maluwa a daffodil la mapaundi 12, lomwe amalitsatsa Seputembala akangolowa. Ndinaitanitsa Dutch Master, aja achikasu akuluakulu, oti ndidzale m'mbali mwa mpanda kuno ku Leicester. Katundu anafika pa nthawi yake, pamenepo ndilibe nawo mlandu.

Koma kapakidwe kake abale! Kathumba kaukonde kofiira, ndendende ka anyezi wa m'sitolo, kopanda dzina, kopanda chenjezo. Ine ndinali ku ntchito ya usiku, ana analandira n'kukaika kukhitchini pafupi ndi mbatata. Apongozi anga anali atangofika kumene kuchokera ku Dedza. M'mawa ndikulowa m'nyumba, ndikupeza mafuta ali pamoto, tomato wadulidwa kale, mitu itatu yasendedwa ili pathabwa, iwo mpeni uli m'manja. Akuti, "Apongozi, anyezi wakunoyu ngotani? Osanunkha, osatulutsa ndi misozi yomwe." Miyendo inandizizira. Ndinangolanda thabwalo osapereka moni, mpaka iwo anadabwa kuti mwana waulemu uja walowedwa chiyani. Daffodil ndi poizoni, makamaka mutu wakewo, munthu akadya amasanza ndi kutsegula m'mimba. Chinatipulumutsa n'chakuti mayi aja ndi mlimi, mphuno inawakayikitsa asanaponye mupoto. Ndipo nkhaniyi si yachilendo kuno. Mu 2015 a Public Health England, bungwe la boma lomwe linkaona zaumoyo, anachita kulembera masitolo akuluakulu kuti asamaike daffodil pafupi ndi zipatso ndi ndiwo zamasamba. Nanga wogulitsa mbewu kumata kapepala kamodzi kukumuvuta pati?

Nditaimbira foni ogulitsawo, mtsikana amene anayankha anati zonse zinalembedwa pa intaneti. Ndinamufunsa ngati apongozi anga amaphikira pa intaneti. Sanaseke, sanapepesenso. Ndinamuuza kuti mitu 7 inabwera yofewa, kunsi kwake kuli nkhungu. Anati nditumize zithunzi. Ndinatumiza tsiku lomwelo, mpaka lero kuli zii.

Mitu 40 yotsalayo ndinaidzala mu Okutobala mtima uli wowawa. Dzenje lililonse masentimita 15, ndiye kuti kutalika kwa mutuwo katatu, nsonga kuloza kumwamba. Dothi lapano ndi lamakande, madzi amadikha, choncho ndinasakaniza ndi timiyala kuti isaole. Basi, sindinaithirire ngakhale kamodzi, mvula yakuno ndi yosachita kupempha. Agologolo anafukula mitu yonse ya maluwa a tulip ya aneba, zanga sanazikhudze.

Apa ndiye ndinene chilungamo. Kunja kudakali chisanu, udzu uli mbuu, timasamba tinayamba kusuzumira. Pofika pakati pa Malichi mpanda wonse unali chikasu chokhachokha, ndinawerenga 36 amene anachita maluwa. Ukamabwera kuchokera ku ntchito ya usiku, maso ali gwa ndi tulo, n'kuona zimenezo pageti, mkwiyo umaphwa ndithu. Komabe si onse anali Dutch Master. Khumi anatuluka afupiafupi, timaluwa tiwiri kapena titatu paphesi limodzi, aneba akuti ndi Tête-à-Tête. Sindinaitanitse amenewo, ngakhale kuti ndi amene ndinawakonda kwambiri. Musawauze ogulitsawo.

Maluwa atafota ndinathothola mitu yake yokha, masamba n'kuwasiya milungu 6 mpaka anachita chikasu okha, chifukwa ndi amene amadyetsa mutu wa chaka chamawa. Bambo a kunyumba ankafuna kutchetcha, akuti pakuoneka uve, tinakangana pang'ono.

Chaka chino ndikagula poti ndikhoza kuifinya ndekha mmodzimmodzi, ndipo thumba likafikira kushedi, osati kukhitchini. Apongozi ndinawatumizira chithunzi pa WhatsApp. Anangoyankha kuti, "Anyezi uja ndi ameneyu? Bola sitinamudye."