Mpanda wa duranta ku Chilomoni, patatha chaka ndi miyezi

Duranta wachikasu uja amene mumamuona m'mageti a ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe ndinamubzala kutsogolo kwa nyumba yanga ku Chilomoni mvula ya mu Novembala itangoyamba. Mbande zake ndinagula za m'machubu kwa anyamata ogulitsa maluwa m'mphepete mwa msewu. Wadutsa dzinja, chiperoni ndi dzuwa la mu Okutobala, ndipo pano ali m'dzinja lachiwiri.

Kugwira anagwira msanga. M'maenje ndinathira manyowa a nkhuku owolerana bwino, ndipo pofika Epulo mitengo inali itakumana, mpata osaonekanso. Chilimwe sichinamuvute. Masiku amene mpopi unkauma ankangomwa madzi otsukira ndiwo ndi mpunga, masamba n'kufota masana, m'mawa n'kudzukanso. Chiswe chinadya udzu umene ndinaphimbira pansi, mtengo weniweniwo chinausiya.

Koma chimene ogulitsa sanena ndi ntchito yometa. M'dzinja, mukangomulekerera masabata atatu, nthambi zimatuluka uku ndi uku ngati tsitsi la mwana wothawa lumo. Sizasi ya mpanda ndiye yofunika, chikwanje chimangophwanya nthambi n'kusiya nsonga zouma. Ndipo pometa, pamwamba pazichepa kusiyana ndi pansi. Mipanda yambiri imene ndimaiona poyenda ndi yotambalala pamwamba, pansi pangotsala timitengo topanda masamba, nkhuku za aneba n'kumalowa mwaufulu. Chifukwa chake n'chakuti dzuwa silifika m'munsi.

Chikasu chomwe tonse timamugulira chimafunanso dzuwa lomwelo. Mbali ya kugeti ndi yowala bwino, koma chigawo chomwe chili pansi pa mtengo wa mango chasanduka chobiriwira wamba, ngakhale mbande zinali za mtundu umodzi. Feteleza sangakonze zimenezo.

Makolo a ana aang'ono adziwe ichi: duranta wosameta amachita maluwa a mtundu wa pepo, kenako timbulu ta zipatso zaolenji tokongola kwambiri, koma n'tapoizoni kwa ana ndi agalu. Wometedwa pafupipafupi sabereka kwenikweni. Ine ndikangoona kamodzi ndimadula pomwepo.

Pakona ndinabzalanso bougainvillea nthawi yomweyo. Ameneyo ndiye wa munthu wotanganidwa. Ukamuthirira kwambiri amangochulukitsa masamba, ukamuiwala mu Seputembala ndi Okutobala amafiira khoma lonse, nthawi imene jakaranda nayenso wayamba m'misewu ya m'tauni. Minga yake yokha ndiyo sicheza.

Kodi ndingabzalenso duranta? Pamalo a dzuwa, inde, ndipo sindingagulenso mbande. Nthambi zometa zija mukazizika m'machubu pamthunzi n'kumathirira zimamera mizu mosavuta, ndipo panopa ndadzaza nazo kuseri kwa khitchini. Koma ngati palibe woti azigwira sizasi Loweruka, bzalani bougainvillea basi.