Curler yanu yandimeta nsidze, koma mascara yokha ndiye sindinama

Nyenyezi ziwiri basi, ndipo ziwirizo ndi za mascara ndi primer, ija yopaka pachikope usanapake mitundu. Ikanakhala curler yokha, kachitsulo kopindira nsidze kaja, sindikanapereka ngakhale imodzi. Ndikunena set ija ya zinthu zitatu ya K38,000 imene yadzaza m'ma status masiku ano, ya mu shopu ija ya ku Limbe. Amene mumagula zophodaphoda kumeneko mwaidziwa kale, sindichita kutchula.

Nsidze zanga za m'zikope n'zazitali ndithu koma n'zoongoka, zimaloza pansi ngati udzu wa padenga. Ndikapaka mascara osazipinda palibe chimaoneka, zimangondidetsa pansi pa diso. Azimayi ambiri kwathu kuno nsidze zawo n'zopindika kale chibadwire, safuna kachitsulo aka, ndipo ndikuganiza n'chifukwa chake ogulitsa ambiri sadziwa n'komwe kusiyanitsa kabwino ndi kachabechabe. Amangoona kuti kakuwala golide, basi aoda katoni yonse. Yanga yakale anandibweretsera msuweni wanga kuchokera ku Johannesburg, inanditumikira zaka mpaka timphira take tosinthira tinatha ndipo polumikizira pake panayamba kugwedera. Ndiye ndinafuna ina msanga chifukwa cha ukwati wa mwana wa achimwene ku Nchalo.

Amene munapitako ku Nchalo mu Okutobala mukudziwa zimene ndikunena. Kuchigwa kuja dzuwa lisanatuluke n'komwe thukuta lili kale pamphuno, ndipo masana kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Ine ndi azakhali a mkwatibwi, wokhala kutsogolo, wojambulidwa ndi aliyense. Ndinadzuka m'mamawa, ndasamba, nkhope youma, m'maso mulibe chilichonse, kagalasi ndakayedzamiritsa pazenera kuti ndione bwino. Ndinalowetsa nsidze za diso lakumanja, ndinayandikitsa kachitsuloko kutsinde, n'kupanikiza pang'onopang'ono monga ndimachitira nthawi zonse. Ndinangomva kuti tse! Sipanapweteke ayi. Ndinatsegula n'kuyang'ana pa kamphira paja, ndipo nsidze zanga zinali pamenepo, zitagona pamzere bwinobwino, zakuda bii. Kuyang'ana pagalasi, kuyambira pakati pa diso mpaka kumapeto chakukhutu kunangotsala timizu. Theka la diso mbee.

Ndinakhala pabedi kanthawi ndili chete, curler ili m'manja. Nditakayang'anitsitsa ndinaona chimene chinachitika. Kamphira kaja si silicone monga analembera pabokosi, ndi kapulasitiki kolimba kamene kanang'ambika pakati m'litali mwake nditangopanikiza. Ndiye chitsulo chakumtunda chinadutsa n'kukakumana ndi chitsulo chapansi, nsidze zili pakati. Nditayendetsa chala m'mphepete mwa chitsulo chakumtundacho, n'chakuthwa, chili ndi timanomano tosapala bwino. Kunja apakadi utoto wagolide, koma mbali imene imakhudza diso la munthu sanaisamale n'komwe.

Alamu anga atalowa n'kundiona anangogwira pakamwa. Mawu awo oyamba anali akuti, "Azakhali, ndiye zithunzi zija?" Kuseka ankafuna, ndinawaona ine.

Anandipulumutsa ndi mtsikana amene anamulemba ganyu yophoda mkwatibwi. Mwana wamng'ono ndithu koma ntchito yake akuidziwa. Anatenga nsidze zomata, n'kudula tizidutswa tiwiri, n'kumata kumapeto kwa maso onse awiri kuti afanane. Diso lakumanzere anandipinda ndi curler yake. Atatenga yangayo n'kuitsegula ndi kuitseka pafupi ndi khutu anangoti, "Anti, iyi ndi yotaya, imvani mmene ikulirira." Inkamveka kukhulana kwa zitsulo. Yakeyo inkatseka mwakachetechete, ndipo pokanikiza umamva kuti pali chofewa chimene chikubwezera dzanja.

Nditabwerera ku Blantyre ndinapita ku shopu kuja ndi curler, bokosi lake, lisiti, ndi nsidze zodukazo nditazikulunga mu tishu. Apa m'pamene mtima wanga unawawira zenizeni, kuposa tsiku la ukwati lija. Mtsikana wa pa kauntala anali pa TikTok, foni ili phokoso, sanadzutse n'komwe mutu kuti andilonjere. Nditamuonetsa diso langa anangoti, "Anti, mwina munapanikiza kwambiri." Ndinati ayi achemwali, onani kamphiraka. Iye n'kuti, "Kapena munayamba mwapaka mascara, ambiri amalakwitsa pamenepo." Ine ndayamba kupinda nsidze iyeyo asanayambe sukulu ya mkaka. Ndikudziwa kuti mascara ikauma nsidze zimalimba n'kumamatira kuchitsulo, ndiye ukapanikiza zimathyoka kapena kuzuka, ndipo n'chifukwa chake umapinda kaye n'kupaka pambuyo. Sindinafunikire phunziro limenelo kwa munthu amene tsiku logula lija ndinamufunsa ngati muli timphira tosinthira m'bokosi, iye n'kundifunsa kuti timphira take tati.

Kenako anandilozera kapepala kali pakhoma koti katundu akatuluka sabwezedwa. Ndinamuuza kuti a Competition and Fair Trading Commission akhala akunena kuti wogulitsa sangabisale kuseri kwa kapepala ngati kameneko pamene katundu wake ali wowonongeka. Anangokweza mapewa n'kuti madamu kulibe, apita kokaoda. Chimene anachita n'kutsegula bokosi lina, n'kuzula kamphira ka curler ina yatsopano kuti andipatse. Kamphira komweko, kolimba chimodzimodzi. Ndiye kuti wina adzagula curler imeneyo ilibe mphira n'komwe. Ndinatuluka ndisanalankhule zoti n'kudzachita nazo manyazi.

Kachitsulo aka si kachilendo padziko. Kanayambira ku America, ka dzina loti Kurlash kanalembetsedwa mu 1931, ndipo kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni mpaka lero: zogwirira ziwiri, chitsulo chopindika, ndi mphira. Zaka zonsezi anthu akupanga chinthu chomwecho, ndiye palibe chifukwa choti wina azitigulitsa cholephera pa mphira pomwe.

Komabe ndinene chilungamo, chifukwa ndikangokalipa ndiye kuti ndabisa zina. Mascara ija ndi yabwino. Ndinaipaka m'mawa muja mtima uli m'mwamba, ndikuyembekeza kuti nayonso indichititsa manyazi. Tinalowa m'tchalitchi modzaza anthu, mafani akungozunguza mpweya wotentha. Ndinalira pa malumbiro, ndinaliranso achimwene akupereka mwana wawo. Tinaima padzuwa kujambulitsa, kenako perekaniperekani mpaka madzulo, ndikuvina ndi ndalama m'manja, nsalu ya yunifolomu itanyowa kumsana. Operekeza mkwatibwi ena pofika masana anali ndi mizere yakuda m'masaya, akungopukuta ndi tishu. Ine pansi pa maso panali poyera. Diso lakumanzere, limene linali ndi nsidze zangazanga, linakhalabe lopindika mpaka usiku. Mascara ya waterproof ngati imeneyi, yosachoka ndi madzi, imagwira chonchi chifukwa muli sera ndipo mulibe madzi ambiri, pamene yamadzimadzi ija imanyowetsa nsidze n'kuziwongolanso utangozipinda kumene. Vuto lake ndi pochotsa. Sopo ndi madzi sizikwanitsa, ndipo ukamatikita mwamphamvu uzula nsidze. Ine ndimanyowetsa thonje ndi mafuta ochotsera mekapu, n'kuligoneka pachikope kanthawi, kenako n'kutsetsereza chotsitsa. Pa tsiku wamba sindingaipake, ndi ya maukwati ndi zinkhoswe.

Primer nayo inagwira ntchito yake. Zikope zanga zimatuluka mafuta, ndipo nthawi zambiri eyeshadow imakasonkhana pamkwinya paja pofika 12 koloko. Tsikulo sinasunthe. Mtsikana wophoda uja anandiwonjezera nzeru ina imene ndakhala ndikuichita mpaka pano: ukapaka primer pang'ono kwambiri, udikire iume, ugunditse paudala pang'ono pamwamba, kenako ndiye mitundu. Eyeliner ya pensulo nayo amaidinda pamwamba ndi eyeshadow yakuda kuti isayende. Ndipo anandikumbutsa za vaselini ndi zodzola zina zamafuta zimene ife timakonda kudzola nkhope yonse tikasamba. Zimenezo zikafika pazikope, ngakhale ugule mascara ya ndalama zingati, isungunuka basi, chifukwa mafuta ndi amene amachotsa waterproof. Nsidze zam'munsi anangondipaka kunsonga kokha, akuti zimenezo ndi zimene zimayamba kudetsa munthu akatuluka thukuta. Thukuta lenilenilo osapukuta chokhula, kungogunditsa tishu n'kuchotsa.

Ndiye ngati mukufuna curler, kaya kumeneko kaya kwina, musalole kuti akupatseni bokosi lomata. Auzeni atsegule. Dinani kamphirako ndi chikhadabo: kazilowa n'kubwerera, kakhale konenepa ndi kozungulira pamwamba. Kakakhala kolimba kapena kopyapyala, kasiyeni. Yendetsani chala m'mphepete mwa chitsulo chakumtunda, chizikhala chosalala. Tsekani n'kuyang'ana powala ngati chitsulocho chagona pamphira mofanana kuyambira mbali iyi mpaka inayo, chifukwa zina zimakhudza pakati pokha, m'mbali muli mpata. Funsani timphira tosinthira. Ngakhale curler yabwino, mphira wake umafunika kusintha pakapita miyezi itatu kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mukangoona kamzere kakuya pakati pake dziwani kuti nthawi yakwana.

China chimene ambiri sitiganizira ndi kupindika kwa chitsulocho poyerekeza ndi diso lako. Maso sitifanana. Ena ndi otukuka ozungulira, ena ndi aatali olowa m'kati. Curler yopindika kwambiri pa diso lophwatalala imatsina khungu kumakona, pamene yophwatalala pa diso lozungulira imasiya nsidze zam'mbali osazigwira. Makampani odziwa ntchito amaganizira zimenezi. Ya Shiseido ya ku Japan imadziwika kuti ndi yophwatalalako, ndipo a Tweezerman ali ndi ina yolembedwa 60° ya maso ozungulira ndi ina ya 38° ya maso aatali. Sindikuti aliyense agule zimenezo, mitengo yake ndi kwacha yathuyi mukuidziwa, komanso zambiri zolembedwa maina akuluakulu m'misika muno n'zongoyerekeza. Ndikungoti muiyeze pa diso lanu musanalipire, osapanikiza, mungoigunditsa muone ngati ikutsata chikope chonse. Ma curler amagetsi otenthetsa aja alibe mphira wodula, koma amafuna kutchaja, ndipo ndi magetsi athuwa sindingadalire chinthu chotero m'mawa wa ukwati. Amene khungu lanu limayabwa mukavala ndolo zotchipa samalaninso, chifukwa zitsulo zambiri zotchipa zimakhala ndi nickel, ndipo chikope sichichedwa kutupa.

Popinda penipeni musakanikize kamodzi mwamphamvu kutsinde, nsidze zimangothyoka ngodya n'kuima njo. Kanikizani mofatsa kutsinde masekondi angapo, sunthirani pakati, kenako kunsonga. Mascara ikatsegulidwa isapitirire miyezi itatu, ikauma musathiremo madzi kapena malovu, ndipo musabwerekane, ngakhale pa ukwati pamene aliyense amati tandibwereka kaye. Matenda a maso amayenda choncho.

Patapita masiku madamu eni shopu ananditumizira voice note. Kunena zoona analankhula mwaulemu, anapepesa, anandiitana kuti mayi, ndipo anati mtsikana uja amukhazika pansi. Anavomera kuti katoni imeneyo anaoda kwa munthu watsopano. Mtima unatsikako pang'ono. Koma dzulo lomweli ndaona set yomweyo pa status yawo, curler yagolide yomweyo ili pakati, alemba kuti zatsala zochepa fulumirani. Ndiye kupepesa kuja kunali kwa chiyani ngati mukufuna mumetenso wina?

Nsidze zayamba kuphuka, pano ndi timinga tifupitifupi tobaya ndikaphethira, ndipo zimatenga pafupifupi miyezi iwiri kuti zibwerere mwakale, choncho kuntchito ndikumapita ndi eyeliner yokhuthala kubisa mpatawo. Mascara ndi primer ndidzagulanso ngati angavomere kugulitsa pazokha, koma ndidzatuma mwana, ine pa kauntala paja sindiimanso. Ndipo madamu, ngati mukuwerenga, K9,000 ya curler imene munati mutumiza pa Airtel Money Lachisanu sinafikebe. Nambala yanga muli nayo.