Maseva awiri ofanana sabweza fayilo yofufutidwa: njira zinayi zimene ndayesa kuno ku Salima

Kuofesi komwe ndimayang'anira makompyuta tili ndi maseva awiri, ina pa boma, ina ku Senga Bay. Chilichonse cholembedwa pa imodzi chimakopedwa chokha kupita pa inzake. Ndinkagona tulo tabwino ndithu, ndikumati ikafa imodzi inzake ilipo. Ndiye tsiku lina mayi wina wa ku akaunti, pokonza mafoda awo, anafufuta foda ya malisiti a chaka chonse. Posakhalitsa seva ya ku Senga Bay nayo inafufuta, monga mmene tinaiuzira kuti izichitira. Mayiwo anakhala chete masiku anayi akusakasaka okha mu Recycle Bin, osadziwa kuti fayilo yofufutidwa pa foda ya pa netiweki Windows siiponyamo. Mmene ankabwera kwa ine maso anali atafiira. Tinatha milungu iwiri tikujambulanso mapepala, limodzilimodzi, kuchokera m'makatoni.

Kaya mumagwiritsa ntchito GlusterFS, DRBD, Syncthing kapena RAID 1, njira zofananitsira maseva kapena madisiki, zonsezi ndi kalilole. Kalilole sakumbukira nkhope yanu ya dzulo. Chimene tinkasowa ndi chosunga za dzulo, za dzana ndi za mwezi watha.

Ndinayamba ndi yosavuta, bini ya pa seva. Samba, pulogalamu imene imagawa mafoda a pa seva kwa makompyuta a Windows, ili ndi gawo lotchedwa vfs_recycle, limene limasuntha fayilo yofufutidwa kupita ku foda yobisika mmalo moiwonongeratu. GlusterFS nayo ili ndi .trashcan, ndipo Syncthing imasunga zakale mu .stversions. Simugula chilichonse, ndipo madzulo amodzi mumakhala mutamaliza. Ikanakhalapo, mayi aja akanapulumuka tsiku lomwelo. Koma bini ya Samba imagwira zofufutidwa zokha. Munthu akatsegula fayilo ya Excel, n'kusokoneza manambala, n'kusevera pomwepo, musadalire kuti yabwino ija mukaipeza mubini. Ya Syncthing ili ndi kamsampha kake: imasunga fayilo yakale pokhapokha kusinthako kwachokera ku makina ena. Mukafufuta pa makina amene mwakhalapo, yakaleyo imasungidwa tsidya linalo, ngati munayatsa versioning, gawo losunga zakalelo, kumenekonso. Yatsani mbali zonse ziwiri.

Yachiwiri, imene yandigwira mtima, ndi snapshot, ya ZFS kapena Btrfs, zomwe ndi njira zoyalira mafayilo pa disiki. Imajambula mmene disiki yonse ilili pa mphindi imeneyo, m'kuphethira kwa diso, ndipo poyamba siidya malo. Imayamba kudya malo mafayilo akamasintha, chifukwa imagwiritsitsa zakalezo. Ife timajambula ola lililonse nthawi ya ntchito, n'kusunga ya tsiku ndi tsiku kwa mwezi, ya mwezi ndi mwezi kwa chaka. Kutalika kumeneku ndinakusankha dala. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo anthu ambiri akalakwitsa sanena msanga. Snapshot yosungidwa masiku atatu okha sikanawathandiza mayi aja.

Ubwino wake wina ndi woti snapshot ya ZFS silembedwanso. Kachilombo ka ransomware kakalowa pa laputopu ya munthu n'kutseka mafayilo onse a pa foda yogawana, kalilole uja amakopa zotsekedwazo mokhulupirika, pamene snapshot ya ola lapitalo imakhala ili bwinobwino. Mukawonjezera shadow_copy2 pa Samba, munthu amadina kumanja pa foda yake, kusankha Previous Versions, n'kubweza yekha osandiimbira foni. Mwezi watha ndinaimirira kumbuyo kwa bambo wina wa ku sitolo akubweza lipoti lawo la Lachiwiri. Anatembenuka n'kufunsa kuti, "Basi, achimwene? Zatheka?" Zinatheka.

Mtengo wake ulipo. Mukasankha ZFS, disiki imene ili pa ext4, kayalidwe kofala ka Linux, muyenera kuikonzanso mwatsopano, kutanthauza kusamutsa kaye zonse. TrueNAS, pulogalamu yoyendetsa seva yosungira mafayilo imene imayendera ZFS, imafuna RAM yosachepera 8GB. Makina osungira mafayilo a kampani ya Synology ali ndi snapshot za Btrfs, koma si onse, choncho funsani musanalipire. Ndipo chachikulu: snapshot imakhala pa madisiki omwewo. Nyengo ya mvula kuno mphenzi siseka ndi munthu, magetsi amazima n'kubwera mwamphamvu, ndipo kutentha kwa mu Okutobala madisiki sakondwa nako. Seva ikapsa, snapshot zapsera limodzi. Za ZFS mungathe kuzitumiza ku seva inzake ndi lamulo la zfs send, ndipo zikatero tsidya linalo limakhala ndi mbiri yonse, osati nkhope ya lero yokha.

Yachitatu ndi pulogalamu ya rsnapshot pa disiki yakunja. Ndi yakale, koma ndimailemekeza. Imagwiritsa ntchito rsync, pulogalamu yokopera mafayilo, ndi ma hard link, maina angapo olozera fayilo imodzi, kotero tsiku lililonse limaoneka ngati foda yathunthu pamene fayilo yosasintha yasungidwa kamodzi kokha. Kubweza ndi kungokopa, ngakhale pulogalamuyo itasowa. Disikiyo ikhale ya ext4, chifukwa FAT32 ndi exFAT sizidziwa hard link. Mukasintha dzina la foda yaikulu imaikopanso yonse ngati yatsopano, ndipo mafayilo sakhala okhoma: wotola disikiyo m'minibasi amawerenga zonse.

Pa mfundo ziwiri zomalizazi njira yachinayi, mapulogalamu a BorgBackup ndi restic, imaiposa. Zimadula mafayilo m'tizidutswa, kusunga kachidutswa kalikonse kamodzi, n'kukhoma zonse ndi pasiwedi. Mukasintha dzina la foda ya 50GB sizikopanso chilichonse cholemera. Restic imatumiza molunjika kumalo osungira pa intaneti monga Backblaze B2 kapena Amazon S3, pamene Borg imakonda disiki yapafupi kapena makina ena kudzera pa SSH, njira yokhoma yolumikizira makompyuta. Anzathu a kunja amangoti tumizani zonse pa intaneti, koma ife tikudziwa mmene bandulo imathera, ndipo tsiku la tsoka muyenera kutsitsanso zonsezo. Ine pa intaneti ndimatumiza zikalata ndi za akaunti zokha. Zithunzi ndi mavidiyo zimapita pa disiki. Pasiwedi ija ikatayika palibe amene angakutsegulireni, ngakhale amene analemba pulogalamuyo. Yathu inalembedwa papepala, ili mu envelopu m'sefa ya abwana.

Google Drive musaiwerengere ngati njira yachisanu mukangoiika kuti izifananitsa mafoda. Nayonso ndi kalilole, ndipo zimene zili mubini yake zimachotsedwa pakatha masiku 30.

Mukandifunsa kuti musankhe iti: ngati ndalama palibiretu, yatsani bini lero lomwe, mugule disiki imodzi ya rsnapshot malipiro akalowa. Ngati mukukonza seva yatsopano, ikani ZFS kuyambira pachiyambi, muwonjezere Borg pa madisiki awiri akunja osinthanitsa. Athu timasintha Lachisanu lililonse, ina pa seva, ina m'kabati kunyumba ina kutali ndi ofesi. Lolemba loyamba la mwezi ndimasankha fayilo iliyonse, kuibweza kuchokera pa disiki ya kukabati, n'kuitsegula pamaso pa mayi a ku akaunti aja. Ndi iwowo amene amandikumbutsa tsikulo likafika.