Bach 42BO: trombone imene yalipatsa malo khosi langa

Anzanga ojintcha, musanayang'ane dzina la kampani kapena kunyezimira kwa lipenga, yang'anani kaye mpata umene uli pakati pa mapaipi awiri a silaidi ya trombone, mbali ija imene mumakankha ndi kukoka poliza. Mouthpiece (kachitsulo koika pamilomo) imalowa m'paipi imodzi, mbali ya belu (kukamwa kotambalala kwa lipengalo) n'kulumikizidwa ku inayo. Ndiye kuti tsaya, nsagwada ndi khosi lanu ziyenera kukwana mu mpata umenewo. Ukachepa, paipi yodutsa paphewa lamanzere imakudinani pakhosi, inu n'kumapendeketsa mutu kapena kusuntha mouthpiece pamilomo osadziwa n'komwe.

Trombone yanga yakale inali ya silaidi yopapatiza. Ndikaliza kwa nthawi yaitali, pansi pa nsagwada pankatsala chidindo, ndipo manotsi apamwamba ankachita kutuluka mokakamiza chifukwa milomo sinkakhala pamalo ake.

Bach 42BO ndaigwiritsa ntchito mokwanira tsopano, pokonzekera komanso pamaso pa anthu. Paipi yake ndi yotambalala mainchi 0.547 mkati mwake, belu ndi la mainchi 8.5. Miyeso imeneyi ndi yofanana ndi ya trombone ina yotchedwa Conn 88H, koma silaidi ya Bach 42 ndi yotambalalako, pomwe ya 88H imadziwika kuti ndi yopapatiza, ndipo alipo ambiri amene amaikondera zomwezo. Kusiyanako ukakuona ndi maso n'kochepa kwambiri, moti ukhoza kuseka. Koma ukaika lipengalo paphewa, mutu umakhala njo, paipi ija imangolikhudza khosi osalikankha. Ngakhale nditavala shati yomanga kolala ndi jekete, malo amakhalapobe. Apa ndilangize: pokayesa trombone valani zimene mumavala poimba pagulu, chifukwa kolala yokha imadya mpata.

Chimene sindinkachiyembekezera n'chakuti valavu ya F (kachipangizo kopatutsira mpweya m'mapaipi owonjezera) ingandithandize pa nkhani ya thupi. Munthu wa chifuwa chachikulu ndi mimba, makamaka atakhala pampando, kuti afike pa pozishoni 6 ndi 7, pomwe silaidi imatambasukira kutali kwambiri, amachita kukoka phewa lonse, ndipo mouthpiece imagwedezeka. Ukadina valavu ndi chala chachikulu, C wa pa pozishoni 6 umamupeza pa pozishoni 1, ndipo B wa pa 7 umamupeza chapafupi ndi 2. Mkono umapumako. Valavu yakenso ndi ya mtundu wa rotor wamba, yaing'ono. Mavalavu a mtundu wina wotchedwa Thayer amatamandidwa kuti mpweya umayenda momasuka, koma ndi aakulu ndipo amakhala pomwe pali khosipo, choncho wa khosi lonenepa asagule asanayese.

Pali zina zofunika kudziwiratu, zomwe ndi chikhalidwe cha ma trombone onse a msinkhu umenewu. Amafuna mpweya wambiri, ndipo wochokera ku lipenga la paipi yaing'ono, monga la mainchi 0.500, adzayamba ndi wefuwefu. Amafunanso mouthpiece ya tsinde lalikulu. Ine ndimagwiritsa ntchito ya saizi 5G. Kulemera konse kumathera m'dzanja lamanzere, ndipo kukula thupi sikutanthauza kuti zala sizitopa. Ndinaikako chogwirira chimene chimasamutsira kulemerako kuseri kwa dzanja, ndipo chala chachikulu chinamasuka kuti chizingoona za valavu basi. Komanso poti mapaipi a F pa 42BO ndi otambasuka, amatulukira kumbuyo kwa mutu, ndiye mukakhala pafupi ndi khoma kapena kutsogolo kwa mnzanu, muzisamala potembenuka.

Kamvekedwe kake ndi kodzadza bwino, koyenera okesitira ndi bandi yaikulu. Wofuna kuliza jazi ya manotsi apamwamba mwina ayang'ane lipenga laling'ono, koma ayezebe mpata wa silaidi uja. Ngati lipenga lanu mumalikonda kale ndipo vuto ndi khosi lokha, funsani kaye mmisiri wokonza malipenga ngati angathe kulitambasulako musanaganize zogula lina.