Pampu ya suweji itatha chaka m'dzenje: zimene yapirira ndi zimene zaivuta

Anthu ambiri amayamikira pampu ya suweji sabata yoyamba ataiika, penti ikadali kuwala, dzenje lisanayambe kuundana mafuta. Pa nthawi imeneyo pampu iliyonse ndi yabwino. Yanga yatha chaka ndi miyezi ingapo ili m'madzi oipa usana ndi usiku, ndiye tsopano ndikhoza kunenapo kanthu.

Chimbudzi, bafa ndi sinki za mbali yakumunsi ya nyumba zili pansi kuposa paipi yaikulu yotulutsa zonyansa, choncho madzi ake sangayende okha. Amayamba agwera m'dzenje lotsekedwa bwino, pampu n'kuwakankhira m'mwamba pafupifupi mamita 4, kenako n'kuyenda mtunda wa mamita ngati 30 m'paipi ya mamilimita 50. Pampuyo ndi yomira m'madzi, thupi lake ndi la chitsulo cha cast iron, mota yake ndi ya 0.75 kW, ndipo impeller yake, kachipangizo ka mapiko kamene kamazungulira n'kukankha madzi, ndi ya mtundu wa vortex. Dzina la kampani sindilitchula, popeza makampani ambiri amapanga zofanana ndi iyi, ndipo zimene ndikufuna kunena sizikudalira chizindikiro chomatidwa pambali.

Pogula, chisokonezo chachikulu n'chakuti mapampu omira m'madzi amaoneka ofanana, koma ntchito zawo n'zosiyana kwambiri. Ilipo yochotsa madzi oyera, monga a mvula amene alowa m'chipinda chapansi. Imeneyo mukaiika m'zonyansa za m'chimbudzi, itsamwa tsiku lomwelo. Ilipo ya madzi amene adutsa kale m'sepitiki thanki, zolimba zitatsalira m'mbuyo, ndipo imadutsitsa tinthu tosaposa mamilimita 20. Ndiye pali ya suweji yeniyeni, yomwe imameza zinthu zofika mamilimita 50 osazidula. Ina ndi grinder, yokhala ndi mipeni pakamwa, imene imapera chilichonse chisanalowe. Wogulitsa akangoti "iyi ndi ya madzi akuda", musakhutire. Mufunseni kuti imadutsitsa chinthu chachikulu bwanji, ndipo nambalayo akuonetseni m'buku lake.

Ine ndinasankha vortex, ngakhale ambiri ankandikokera ku grinder. Mu vortex, impeller imakhala mobisala m'kati chakumwamba, imazunguza madzi mwamphamvu, ndipo zolimba zambiri zimatengedwa ndi kamvuluvulu wa madziwo osaigunda n'komwe. N'chifukwa chake siitsamwa kawirikawiri. Kuipa kwake, pa magetsi ofanana imakankha madzi ochepa poyerekeza ndi mitundu ina, ndipo siikweza patali. Grinder ndi ya anthu amene akufuna kukweza zonyansa pamwamba kwambiri kapena kuziyendetsa mtunda wautali m'paipi yaing'ono ya mamilimita 32. Pa mamita 4 anga, mipeni ija ikanangokhala chinthu china choti chizibuntha ndi kusinthidwa. Patha chaka ndipo maganizowa sindinasinthe.

Chimene chinandipulumutsa pa kukula kwa pampu ndi pulambala amene anakana kuwerenga manambala a pa katoni. Pa katoni amalemba kutalika kumene pampu ingakweze madzi komanso malita amene ingatulutse pa mphindi, koma ziwirizi sizichitika nthawi imodzi. Pa kutalika kwa malire kuja pampu siitulutsa ndi dontho lomwe, ndipo malita ambiri aja imawatulutsa ikakhala kuti siikukweza chilichonse. Choona chili pa mzere wokhota wojambulidwa m'buku, wosonyeza malita amene pampu imatulutsa pa kutalika kulikonse. Iye anatenga mamita 4 aja, n'kuwonjezerapo mphamvu imene imatayika madzi akamakhulana ndi paipi, m'makona ndi m'mavalavu, kenako n'kuyang'ana pa mzerewo. Pali lamulo lina limene sindinkalidziwa: madzi a suweji ayenera kuthamanga m'paipi pa liwiro losachepera mamita 0.6 pa sekondi, apo ayi zolimba zimakhazikika m'njira. M'paipi ya mamilimita 50, liwiro limenelo likufuna malita pafupifupi 70 pa mphindi. Choncho pampu yaing'ono kwambiri imatseketsa paipi pang'onopang'ono, pomwe yaikulu kwambiri imakhuthula dzenje m'masekondi ochepa n'kumangoyaka ndi kuzima, zimene zimatenthetsa mota.

Za motayo ndilibe zambiri zonena, ndipo kumeneko ndiye kuyamikira kwake. Imayaka, imalira motsitsa kwa nthawi yosakwana mphindi, n'kuzima. Chivindikiro chikakhala chotseka, m'nyumba mumangomveka kung'ung'udza. Pa bilu ya magetsi sindinaone kusintha koti n'kudandaula nako, chifukwa mukaphatikiza nthawi yonse imene imagwira ntchito pa tsiku, ndi mphindi zochepa chabe. Penti yasuluka, thupi lachita dzimbiri la pamwamba, koma cast iron imatero ndipo si vuto.

Mavuto onse amene ndakumana nawo achokera pa zinthu zozungulira pampu. Loyamba ndi float switch, kampira koyandama kamene kamayatsa pampu madzi akakwera n'kuizimitsa akatsika. Kanga ndi ka mtundu womangirira pa chingwe, kamene kamafuna malo oti kazitembenukira. Patatha miyezi inayi kapena kuposerapo, alamu yochenjeza kuti madzi akwera kwambiri m'dzenje inalira m'mawa. Nditatsegula chivindikiro ndinapeza madzi afika pafupi ndi paipi yolowetsa, ndipo pamwamba pake pali chikhungwa chotuwa, chokhuthala ngati chala, cha mafuta a m'khitchini osakanikirana ndi sopo. Kampira kaja kanali katamatirira kukhoma, mutu uli pansi, katavala mafuta mbali zonse. Nditakagunda ndi ndodo kanatembenuka, pampu n'kuyaka nthawi yomweyo ngati palibe chimene chachitika. Mafuta amalowa m'sinki ali amadzimadzi chifukwa cha kutentha, akafika m'dzenje amazizira, amayandama, n'kuuma pamalo enieni pamene kampirako kamagwirira ntchito. Pampu imakoka za pansi, za pamwambazi siizifikira. Kuyambira pamenepo mafuta otsala m'poto amapita m'chitini osati m'sinki, ndipo pulambala anafupikitsako chingwe cha kampira ndi kukatembenuzira kumbali yopanda mapaipi. Dzenje likakhala lopapatiza, ndibwino kugula float yoyenda chokwera ndi chotsika pa kandodo, chifukwa siifuna malo ambiri.

Lachiwiri ndi timapepala tonyowa topukutira, ma wipes, makamaka amene pa paketi amalemba kuti mukhoza kuwataya m'chimbudzi. Pepala la m'chimbudzi limasungunuka likangonyowa. Ma wipes sasungunuka choncho, ambiri amakhala ndi ulusi wa pulasitiki, ndipo akamazungulira m'dzenje amapotana ndi tsitsi n'kukhala chingwe. Tsiku lina pampu inayamba kulira mosiyana, mawu olemera, ndipo inkatenga nthawi yaitali kuti itsitse madzi. Titaitulutsa tinapeza chingwe chotuwa chotalika ngati mkono chitalowa theka m'kamwa mwake, theka likulendewera. Chinali cholimba moti kuchikoka ndi manja sichinaduke, mpaka tinachita kudula ndi mpeni. Apa vortex ndiiyamikire: inapitiriza kupopa ngakhale inali itatsamwa theka, ndipo mota sinapse. Koma asakunamizeni kuti pali pampu yosatsamwa. Ngakhale masuweji akuluakulu amagonja ndi zinthu zomwezi. Mu 2017 ku Whitechapel mu London anapeza chimulu cha mafuta ndi ma wipes cholemera pafupifupi matani 130, chotalika mamita 250, chitatseka ngalande ya suweji. Nanji kapampu ka pakhomo. Mapadi, matewera, makondomu, timitengo totokosera m'makutu ndi ulusi wotsukira m'mano, zonsezi malo ake ndi m'bini, ndipo bini yaing'ono yoikidwa pambali pa chimbudzi yathandiza kuposa kulankhula kwanga konse. Alendo sangadziwe kuti pansi pali pampu ngati simunawauze.

Lachitatu linali lobisika. Pamwamba pa pampu pamakhala non-return valve, yoletsa madzi kubwerera pampu ikazima. Ndinazindikira kuti pampu ikuyaka pakati pa usiku, wina aliyense ali m'tulo, popanda wotsegula mpopi. Paipi ya mamilimita 50 imasunga pafupifupi malita 2 pa mita iliyonse. Ndiye valavu ikalephera kutseka, madzi a m'paipi amabwerera m'dzenje, kampira kamadzuka, pampu imawakankhanso, ndipo ntchito yake imangokhala kupopa madzi omwewo. Titamasula tinapeza kachivindikiro ka pulasitiki ka botolo katapingasa pa lilime la valavu. Mmene kanafikira kumeneko, ana akudziwa okha. Ntchito yochotsa inatha msanga chifukwa pamwamba pa non-return valve pali valavu ina yotseka ndi dzanja, ndipo pansi pake pali cholumikizira chomasula ndi manja. Popanda valavu yotsekayo, zonse za m'paipi zikanatsikira pa womasulayo. Amene akuika pampu yatsopano asalole kuti zinthu ziwirizi zisiyidwe pofuna kupulumutsa ndalama.

Palinso kabowo ka mamilimita ngati 5 kamene kanabooledwa pa paipi m'kati mwa dzenje, pakati pa pampu ndi valavu, monga buku lake likunenera. Kamatulutsa mpweya wotsekeredwa, kuti pampu isamazungulire pachabe osakoka madzi. Kamatsekeka ndi zinyalala, ndiye ndimakatokosa ndi waya ndikatsegula.

Kutsegulako kuli ndi malamulo ake, ndipo pano sindichita nthabwala. Zonyansa zikamawola zimatulutsa mpweya wa hydrogen sulphide, wonunkha ngati mazira owola. Ndi wolemera kuposa mpweya wamba, choncho umakhala pansi m'dzenje. Choopsa chake n'chakuti ukachuluka umapha mphuno, munthu n'kumaganiza kuti fungo latha pomwe ndi pamene wafika pangozi. Mumakhalanso methane, amene amayaka moto. M'dzenje simulowa munthu, ngakhale kuweramiramo mutu. Ine ndimazimitsa magetsi kaye, ndimachotsa chivindikiro, ndimadikira kuti mpweya upite, ndipo sindigwira ntchitoyi ndili ndekha. Magolovesi ndi magalasi oteteza maso ndi ofunika. Pampu imakokedwa ndi tcheni chomangidwa pa chogwirira chake, osati ndi waya wa magetsi, chifukwa mukakoka waya mumamasula pamene walowera m'mota ndipo madzi amapeza njira. Magetsi ake adutse pa chozimitsa chodzitetezera cha 30 mA, chimene chimadula magetsi chokha akayamba kudutsa pamene sayenera kudutsa, ndipo paipi yotulutsa mpweya m'dzenje ikathere panja pamwamba.

Chisamaliro chake si chambiri. Miyezi itatu iliyonse ndimatsegula, ndimayoola mafuta oyandama, ndimatsuka kampira ndi makoma ndi madzi a payipi, kenako ndimadzaza dzenje ndi madzi oyera kuti ndione pamene pampu ikuyakira ndi pamene ikuzimira. Ndimakwezanso kampira ka alamu ndi ndodo kuti ndimve ngati ikulirabe. Chaka chitakwana, pulambala anaitulutsa n'kumasula kabauti ka chipinda cha oyilo chimene chili pakati pa mota ndi impeller. Oyilo akatuluka wotuwa ngati mkaka, ndiye kuti mechanical seal, yotchinga madzi kuti asalowe m'mota, yayamba kudutsitsa madzi ndipo iyenera kusinthidwa mota isanalowe madzi. Wanga anatuluka wabwinobwino, wosatuwa. Anayezanso magetsi amene mota ikukoka, ndipo anali m'munsi mwa nambala yolembedwa pa chitsulo chake. Si mapampu onse amene ali ndi kabauti kameneka, ndiye muyang'ane musanagule. Mankhwala amphamvu otsegulira mapaipi sindithiramo, chifukwa amadya mphira za m'kati.

Alamu ija ndinaigula payokha, siinabwere ndi pampu, ndipo ndimaona kuti opanga amalakwitsa kugulitsa ziwirizi padera. Popanda alamu, chizindikiro choyamba cha vuto ndi madzi akuda akutulukira pa bowo la m'bafa, chifukwa ndiye malo otsika kwambiri. Yanga ili ndi batire, choncho imalira ngakhale magetsi atazima. Magetsi akazima pampu imaima, ndipo chotsala ndi mpata umene uli m'dzenje pamwamba pa madzi. Wathu umakwanira kugwiritsa ntchito chimbudzi mosamala kwa maola angapo, koma kusamba ndi kuchapa kumadikira. Ofuna kuiyendetsa ndi jenereta kapena inverter akumbukire kuti mota poyaka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa ikamayenda, ndiye kuwerengera 0.75 kW yokha n'kudzinamiza.

Zondinyansa pa pampuyi zilipo. Waya wake ndi waufupi, moti panafunika bokosi lolumikizira, lomwe tinaliika kunja kwa dzenje kuopa chinyezi ndi mpweya uja umene umadya mawaya a kopa. Float imene inabwera nayo ndi yopepuka poyerekeza ndi pampu yeniyeniyo, ndipo ndikukhulupirira kuti ndiyo idzayambe kufa, choncho ndasunga ina pashelefu. Kulemera kwake nakonso si masewera: kuitulutsa ili yonyowa ndi yoterera n'kofuna anthu awiri. Mapampu ena amatsetsereka pa njanji ziwiri n'kukadzilumikiza okha pansi, ndipo dzenje likakhala lakuya kuposa mamita 2 ndingalangize zimenezo.

Kodi ndingaigulenso? Pa nyumba imodzi, pokweza mamita ochepa m'paipi ya mamilimita 50, inde, mosakayika. Kwa amene ayenera kukweza mamita oposa 10 kapena kukankha mtunda wautali m'paipi yopapatiza, vortex ya kukula kumeneku iwakhumudwitsa, ayang'ane grinder. Pa malo ogona alendo, sukulu kapena nyumba zambiri zogwiritsa ntchito dzenje limodzi, kumene simungalamulire zimene anthu akutaya m'chimbudzi, pampu imodzi siyokwanira: pamafunika ziwiri zosinthana, kuti ina ikatsamwa inzake ipitirize pamene mukudikira pulambala.