Za nyumba za lendi kuno ku Lilongwe

Abale anga kumudzi, ambiri mumandifunsa mitengo ya nyumba kuno. Mtengo mudzaumva nokha mukafika. Chimene chimayambanitsa anthu kwenikweni ndi tsiku losamuka.

Nyumba zambiri za lendi ku Kawale, Chinsapo, Area 25 ndi Area 36 mumazipeza zosakwanira: loko wofooka, mawindo opanda zitsulo, bafa lopanda shawa. Mumagula zanu n'kuika, poti wakuba sadikira kuti alandilodi apeze ndalama. Ndiye tsiku lochoka, lole ili panja, dalaivala akukuwa kuti nthawi yatha, inu mwagwira sipanala, alandilodi atulukira: "Zimenezo n'zanyumba, bambo." Mnzanga wa kuntchito anasiya thanki yamadzi ndi nsanja yake yomwe chifukwa cha mawu amenewa.

M'mikangano imene ndaiona, anthu amagamula chonchi: chimene munganyamule osasiya chibowo, monga makatani, mababu, mbaula, n'chanu. Chimene chinalowa ndi simenti kapena chowotcherera, kaya zitsulo za m'mawindo, matailosi, chitseko chachitsulo, chimawerengedwa kuti n'chanyumba. Dishi ya DStv mumatenga, koma mabowo ake mumate. Mukakafika kwa amfumu a m'dera, funso lawo loyamba ndi lakuti munagwirizana zotani, ndipo anamva ndani.

Choncho tsiku lolowa yendani ndi eni nyumba chipinda ndi chipinda, mujambule pafoni, mulembe zonse zimene mwapeza ndi zimene zafa kale, musayinirane pali mboni. Ejenti asakhale mboni yanu. Iye akalandira yake simudzamuonanso. Musanakhome kanthu kodula, mvanani kaye ngati adzadula pa lendi kapena mudzachotsa pochoka, malisiti musunge. Loko wakale musataye, mudzamubwezerepo n'kutenga wanu.

Pali mamita awiri oti muwayang'anitsitse. Mayunitsi a ESCOM akalowa m'mita satulukamo, ndiye sabata yomaliza gulani ochepa. Madzi ndiwo amavuta: ngongole ya ku Lilongwe Water Board imatsalira pa akaunti ya nyumbayo, ndipo amene amamudulira madzi ndi amene akukhalamo. Pemphani bilu yomaliza musanapereke lendi, makamaka pamene akufuna ya miyezi itatu pakamodzi.

Amayi, inu amene simutha kukhala osalima, kadimba ka kuseri dzalanimo mpiru ndi chinese basi. Mapapaya ndi mapeyala mudzadzalira wolowa pambuyo panu.