Geji kapena botolo, poyeza pampu ya petulo pa galimoto zakale

Anzanga a magalimoto a kabuleta, pa nkhani ya pampu ya petulo ena amati ingopezani geji muone presha, ena amati botolo ndi wotchi basi zakwana. Njira zonse ziwiri zimagwira koma sizikuyeza chinthu chimodzi ayi.

Geji imakuuzani mphamvu yomwe pampu ikukankhira petulo. Mumailumikiza ndi ka T (kolumikizira mapaipi atatu) pa paipi yolowa mu kabuleta injini ili pa idling. Koma geji ya magalimoto a injection (opanda kabuleta) ija yofika 100 psi (psi ndi muyeso wa presha) isiyeni, pa 3 psi singano yake sisuntha n'komwe, pezani yaing'ono yothera pa 10 kapena 15. Makabuleta a SU ndi Weber amafuna presha yochepa, cha m'ma 2 mpaka 3.5 psi, Solex ya Beetle ndi momwemonso, pomwe Holley ya pa V8 imasangalala pa 5 mpaka 7. Ikapyola pamenepo petulo amakankha needle valve (kavavu kotseka petulo kabuleta ikadzaza), kabuleta kusefukira, utsi wakuda bii, mapulagi kuda. Zimenezi botolo silingakuuzeni, ndipo zimachitikachitika pa galimoto zoti wina anangoikapo pampu ya magetsi osaona ngati ikugwirizana ndi kabuleta yake.

Vuto la geji ndi loti pa idling injini imamwa pang'ono kwambiri, ndiye ngakhale pampu ikukoka movutikira kudzera mu filita yodzadza dzimbiri kapena paipi yopindika, singano imaima pabwino ndithu inu n'kumati zonse zili bwino. Mukangoyamba chitunda kapena kuponda mafuta pa msewu waukulu galimoto yayamba kutsamwa mpaka kuzima, mukadikira mphindi ziwiri yalira ngati palibe chachitika. Apo petulo sakufika wokwanira, ndipo ndi botolo lomwe limagwira wakubayo.

Chotsani paipi pa kabuleta, ilowetseni mu botolo loonekera mkati, lizani injini ndi petulo wotsala mu kabuletamo uku mukuwerenga masekondi. Ngati pampu ndi ya magetsi kungotembenuza kiyi basi. Ma V8 ambiri a ku America amafuna pint imodzi, pafupifupi theka la lita, mu masekondi 30, injini zazing'ono ndi zocheperapo, muone mu manual. Chomwe ndimalikondera botolo ndi choti maso anu amaona zambiri, thovu likamatuluka ndiye kuti mpweya ukulowa penapake pakati pa thanki ndi pampu, tizidutswa tofiira ndi dzimbiri la mu thanki, madzi amakhazikika pansi. Kuipa kwake ndi moto, chonde chitirani panja injini itazizira, fodya kutali, chozimitsira moto pafupi, ndipo pakhale mnzanu pa kiyi woti azimitse msanga.

Ine ngati galimoto ikuzima ikamathamanga ndimayamba ndi botolo, geji ndimaitenga ikamanunkha petulo ndi kusefukira. Ndipo petulo akatuluka wochepa musathamangire kugula pampu, imwetseni kaye kuchokera mu chigubu mubwerezenso, akachuluka ndiye kuti vuto lili kumbuyo, thanki, paipi kapena kabowo kopumira ka pa chitsekero katsekeka. Akakhalabe wochepa ndipo pampu ndi yoyendetsedwa ndi injini, osati ya magetsi, solorani dipstick (kachitsulo koyezera oilo) mununkhize, oilo akamamveka petulo diaphragm (kachikopa kopopa petulo mkati mwa pampu) yang'ambika, sinthani pampu ndi oilo yemwe musanayendenso.